Mpata wa Zala Ziwiri

Linali Loweruka lachisanu ndi chinayi motsatizana kupita kuphiri kuja, ndipo ngakhale galimoto yanga inkamveka kuti yatopa nawo msewuwo. Amalume anakhala pambali panga atafungatira chikwama cha zipangizo zawo zomangira. Titawoloka mlatho wachiwiri anatembenukira kwa ine.

"Iwe Mawaya," anayamba motero. Dzinali anandipatsa ndi iwowo chaka chimene ndinayamba ntchito yokonza zamagetsi. "Bambo akowa akanakhala okonda nkhunda ngati anzawo opuma pantchito, bwenzi pano tili m'tulo."

"Khola la nkhundalo mukanamanganso ndinu."

"Khola la nkhunda limatha, mwanawe. Ichi sichikutha."

Sindinawatsutse. Maso anga ankayabwa ndi tulo, ndipo msana unali usanaiwale Loweruka lapitalo.

Bambo anaphunzitsa sayansi kusekondale zaka makumi atatu ndi ziwiri. Popuma anatenga telesikopu yakale imene sukulu inkafuna kutaya, chimgolo choyera chotalika ngati munthu, cha galasi lalikulu mkati, choonera zakuthambo. Anaikonza pang'onopang'ono patebulo lathu lodyera, amayi akudandaula kuti tidyera pamiyendo mpaka liti. Pamene ankamaliza, zinthu zinali zitasintha. Magetsi a m'tauni anali atachuluka moti ukaima pakhonde pathu, pansanjika yachitatu, nyenyezi unkachita kuziwerenga ndi zala. Matenda a shuga nawo anali atawafoola miyendo, masitepe osawathanso. Kenako diso lamanzere linazima.

Apo m'pamene anajambula mapulani a kanyumba. Mlimi wina amene anali wophunzira wawo kalekale anawapatsa kangodya ka munda wake pamwamba pa phiri, ulendo wa maola awiri kuchokera m'tauni, kumene kulibe nyale ngakhale imodzi. Kanyumbako kanali ka malata, denga lake loyenda pa tinjanji kuti lizitseguka ndi kutsekeka lokha. Pakati pake panali chipilala cha konkire chokhazikapo telesikopu. Pamalo poika diso tinaikapo kamera, kuti zithunzi zizidutsa pa intaneti mpaka pa kompyuta ya kuchipinda kwa bambo. Munthu sankafunika kuphiriko. Bambo azingodina ali pabedi, denga litseguke, telesikopu itembenuke. Zomangamanga zinali za amalume, achimwene awo a amayi, amene anayamba kumanga nyumba ine ndisanabadwe. Mawaya, sola, mabatire ndi kamota kokoka denga zinali zanga.

Zonsezi zinali chifukwa cha kamtambo kamodzi. Pafupi ndi nyenyezi zitatu zondondozana zija, Akamwiniatsatana, pali kamtambo kowala kumene nyenyezi zatsopano zimabadwira. Bambo anakajambula pabolodi ndi choko chaka ndi chaka, koma anali asanakagwirepo ndi galasi lawolawo. Tsiku lina nditatopa ndinawauza kuti zithunzi zake zili mbwee pa intaneti, zokongola kuposa zimene tingajambule ife.

"Zithunzi za ana a eni zilinso mbwee," anandiyankha. "Bwanji pakhomapo tinapachika chako?"

Nthawi ndi imene inatithina. Nyenyezi zimenezi zinali zitayamba kulowa msanga. Zinkangooneka mmunsi kumadzulo kwa kanthawi kochepa dzuwa litangolowa, ndipo pakutha pa masiku owerengeka zikanabisala m'kuwala kwa dzuwa kwa miyezi iwiri. Dokotala wa maso, titamufunsa za diso lamanja lotsalalo, anayang'ana pamapepala ake n'kunena kuti miyezi iwiri sangatilonjeze.

Kanyumba kanatha, denga linkayenda, kamera inkamvera. Koma chithunzi chilichonse chinkabwera chowonongeka. Kuti kamtambo kaoneke, kamera imayenera kuyang'ana malo amodzi kwa mphindi yathunthu osagwedezeka ngakhale pang'ono. Zathu zinkatuluka nyenyezi zili ndi michira ngati mbululu m'chithaphwi, kamtamboko katangopakika osadziwika mutu wake. Ndinasintha mawaya. Ndinamanganso mabawuti onse. Ndinachotsa kamera n'kuibwezeretsa katatu. Loweruka lina ndinaswera tsiku lonse ndikulimbana ndi kamota kotembenuza telesikopu, kamene kanalibe mlandu uliwonse. Mbululu zinalipobe.

Tinafika dzuwa litakwera ndithu. Mphepo ya kuphiriko inali itayamba kale, ija yosatopa, yogogoda malata ngati mlendo wosamva kuti eni nyumba kulibe. Ndinatsegula loko. Mkatimo munkanunkhira penti ndi kutentha kwa mabatire. Pansi ponse amalume anali atasalaza ngati mbale n'kupaka penti yofiira, ngakhale ankadziwa kuti simudzagona munthu. Ndinaimbira bambo, n'kukweza mawu a foni kuti tonse tizimva, ndipo ndinaiika pabokosi la mabatire.

"Mwafika?" anafunsa bambo. "Mlamu wangayo ali moyo?"

"Ndili moyo, aphunzitsi, koma osati chifukwa cha inu," anayankha amalume.

"Mukafa mundiuze msanga, ndipeze mmisiri weniweni."

"Mmisiri weniweni akanakuthawani mwezi woyamba."

Anaseka onse awiri, koma kuseka kwa bambo kunathera m'chifuwa. Atapuma anati, "Mwana wanga, lero usagwire waya uliwonse. Ndakhala ndikuganiza. Uli ndi mbale pamenepo?"

Ndinali ndi chivindikiro cha kontena imene tinanyamuliramo buledi.

"Thiramo madzi. Uike pamwamba pa chipilala, pambali pa phazi la telesikopu. Ukatero ukhale chete, uziyang'ana madziwo."

Ndinachita zomwezo. Poyamba madzi anakhala bata. Kenako mphepo inamenya khoma la kum'mawa, ndipo timizere tozungulira tinathamanga kuchokera m'mphepete kupita pakati.

"Akunjenjemera, bambo."

"Nthawi zonse?"

"Ayi. Mphepo ikamenya."

"Alamu, tatulukani panja, mukamenye khoma ndi chikhatho."

"Ndamanga ndine, ndimenyenso ndine," anang'ung'udza amalume akutuluka. Ndinamva phaa! pamalata, ndipo madzi analumpha mpaka dontho kugwera pachipilala. Ndinawauza bambo.

"Sizingatheke," anatero. "Khoma ndi chipilala sizikhudzana. Alamu, bwererani. Gwadani patsinde pa chipilala, mulowetse zala mumpata uja. Mwina mwagwera mwala."

Amalume anaima pakhomo akupukuta dzanja pathalauza. "Mpata uti?"

"Mpata wa zala ziwiri wozungulira chipilala. Uli patsamba lachiwiri la mapulani."

"Oo, umenewo! Umenewo ndinakonza."

"Munakonza?"

"Ndinatseka bwinobwino. Poyamba ndinachita monga munajambulira, ndinaika matabwa pakati pothira konkire. Nditazula matabwawo panatsala chimpata chofika mpaka padothi. M'mawa mwake mukutuluka chinkhanira, chachikulu ngati dzanja langali, ndipo pambali pali manyi a mbewa. Ndinati mbewa zimenezi zikalowa zidzatafuna mawaya a mwanayu. Komanso ine zaka makumi anayi ndikumanga, sindinasiyepo nyumba ya munthu ili kukamwa yasa. Anthu angati anamanga ndani? Ndinaganiza kuti munangophonya pojambula, pakuti maso anuwo..."

Anaima pomwepo. Anayang'ana foni, kenako anayang'ana ine.

Ndinayang'ana patsinde pa chipilala. Amalume anali atalumikiza chipilala ndi pansi mwaluso, mokhota bwino ngati khosi la mtsuko, n'kupakapo penti yofiira ija. Ndinali nditagwada pamenepo masabata anayi ndikufufuza vuto m'mawaya. Mapulani aja anali a masamba atatu, ine ndinangowerenga lachitatu, la zamagetsi, chifukwa ndilo linali langa. Zithunzi zimene ndinkawatumizira bambo zinali za mabatire ndi denga. Pansi sindinajambulepo, ndipo ngakhale ndikanajambula, sindikudziwa ngati diso lawo likanaona.

Pafoni, chapatali, ndinamva mawu a amayi akufunsa kuti chachitika n'chiyani.

"Alamu," anatero bambo pomaliza, ndi mawu awo a m'kalasi aja, odekha. "Chipilalacho chili ndi maziko akeake, akuya. Pansipo pananyamula makoma. Makoma amamenyedwa ndi mphepo. Mpata uja ndinausiyira kuti nyumba ikamanjenjemera izinjenjemera yokha, chipilala chisamve. Inu mwazikwatitsa."

"Ndiye bwanji simunanene?" Amalume anakweza mawu. "Ana a eni munkawafotokozera chifukwa cha kanthu kalikonse, mpaka chifukwa chimene madzi amawirira. Ine munangonditumizira pepala la mizere ngati mukutuma wilibala. Mukanati alamu, apa pali chifukwa chakutichakuti, kodi ndikanatseka? Ndine wamisala ine?"

Ndinadikira kuti bambo abweze ndi nthabwala, monga ankachitira chikwatirireni mlongo wa munthuyu. Sanatero.

"Mukunena zoona, alamu. Ndinalakwa ndine. Pepani."

Mawu amenewa amalume analibe powaika. Anavula chipewa, anakanda m'mutu, anachivalanso.

"Munatseka mozama bwanji?" ndinawafunsa.

"Chikhatho chonse mpaka pamfundo apa. Ndinathiramo timiyala, n'kutsendera ndi chitsulo. Sindigwira ntchito yachinyengo ine."

"Lero lokha ndikanakonda mukanakhala wachinyengo, amalume."

Sanaseke. Anatsegula chikwama chawo n'kutulutsa nyundo ndi chitsulo chosongoka chogumulira.

Tisanayambe tinayenera kutsitsa telesikopu, kuopa fumbi ndi kugwedezeka. Ndinalemba zizindikiro ndi pensulo pamalo onse olumikizira kuti pobwezera ndisasokoneze. Tinanyamula chimgolocho awiri, pang'onopang'ono ngati tanyamula wodwala, n'kukachigoneka pampando wakumbuyo wa galimoto titachifunditsa bulangete. Zotsala pachipilala ndinazikulunga ndi pulasitiki n'kumanga ndi waya.

Kugumulako sikunali kwa mphamvu. Ukamenya kwambiri ukanang'alula chipilala chenichenicho, choncho tinkangogogoda, go, go, go, kachidutswa kakang'ono ngati chikhadabo n'kudumpha. Amalume anayamba mbali ya kukhomo atagwada pakatoni. Akatopa ndinkalandira ine. Fumbi linadzaza m'kanyumbamo, m'mphuno, m'mano. Pofika masana ndinali ndi matuza atatu, limodzi litaphulika kale, ndipo tinali tisanamalize mbali ziwiri mwa zinayi.

"Taona kulimba kwake," ankatero amalume akutola kachidutswa n'kukatembenuza padzuwa lolowera pakhomo. "Taona, Mawaya! Izi zikanakhala zaka zana."

"Ndikuona, amalume."

"Ukuona chiyani iwe? Wamagetsi amadziwa chiyani za konkire?" Anakaponya m'ndowa n'kugwiranso nyundo.

Tinadya buledi ndi tiyi wozizira titatsamira tayala la galimoto. Ndinaganiza zogona pomwepo pamthunzi, mphindi khumi zokha, koma ndinadziwa kuti ndikatseka maso ndidzuka mawa.

Cha m'ma 3 koloko amayi anaimba, akulankhula motsitsa mawu. Ndinamva kuti atulukira pakhonde.

"Bambo ako asamba, avala malaya oyera aja ankaphunzitsira. Andiuza ndisendeze tebulo la kompyuta kufupi ndi bedi. Zitheka lero?"

"Tikuyesetsa, amayi."

"Yesetsani, mwanangu. Lero m'mawa athira tiyi pambali pa kapu. Amaganiza kuti sindinaone."

Nditabwerera mkati amalume anadzutsa mutu. Anangoona nkhope yanga, n'kusendera kuti tigwade awiri, iwo ndi chitsulo, ine ndi sikuludiraiva yanga yaikulu ndikukokolola timiyala.

Dzuwa litapendeka tinafika pangodya yomaliza. Amalume analowetsa zala ziwiri mumpata n'kuyenda nazo mozungulira chipilala, akukwawa ndi maondo. Kumbuyo anaima. Mwala umodzi unali utakanirira pansi penipeni, pamene chitsulo sichinkafika bwino. Ndinapinda waya wolimba kukhala mbedza, ndipo tinaukoka mosinthana mpaka unatuluka, kamwala kakang'ono ngati dzira la nkhunda.

"Nkhunda zanu zija ndi izi," ndinatero.

"Usandiseke ndili chogwada, ndingalephere kudzuka."

Ndinaikanso madzi pachipilala n'kuimbira bambo. Amalume anatuluka. Anamenya khoma ndi chikhatho. Analimenya ndi nsapato. Anagwira chitseko n'kuchigwedeza mpaka malata onse analira. Ine maso ali pamadzi.

"Agona, bambo. Sakusuntha n'komwe."

Ndinamva bambo akutulutsa mpweya wautali.

Amalume anasuzumira pakhomo. "Aphunzitsi, nanga mbewa zanga zija? Ndisiye chonchi kukamwa yasa?"

"Muli ndi chofewa chilichonse pamenepo?"

Pangodya panali kamatiresi kakale kamene amalume ankagonera masiku omanga. Anafunsa ngati siponji ikuloledwa, ndipo nthawi ino anafunsanso chifukwa chake.

"Siponji siulula," anatero bambo. "Mphepo ikaigwedeza, imasunga yokha, siuza chipilala. Koma musatsendere, alamu. Ndikukudziwani."

Anadula siponjiyo mizeremizere ndi mpeni n'kuilowetsa mumpata ndi nsonga za zala, nkhope itakwinyika ngati akumwa mankhwala owawa. Ine ndinasesa fumbi, ndinapukuta ndi nsalu yonyowa kawiri, ndipo tinabweza telesikopu pamalo pake ndikutsatira zizindikiro za pensulo zija. Pomanga bawuti yomaliza dzuwa linali litalowa, kumadzulo kuli psuu.

"Tulukani tsopano," anatero bambo. "Kwatsalaku n'kwanga."

Tinakakhala pamwala panja, foni ili pakati pathu. Tinkamva amayi akuwathandiza kupeza podina. "Ayi, chakumanzere pang'ono. Pamenepo." Kamota kanalira, ndipo denga linayamba kuyenda lokha pa tinjanji take, popanda dzanja la munthu. Tinali titaziona kambirimbiri, koma amalume anapukusabe mutu. Kenako mutu wa telesikopu unatulukira pamwamba pa khoma, ukutembenukira kumadzulo. Nyenyezi zitatu zija zinali zitayamba kuoneka, mmunsi kwambiri, pamwamba pang'ono pa mitengo ya kumalire a munda.

Chithunzi choyamba chinabwera chopanda kamtambo. Pobwezera paja telesikopu inali itaphonya pang'ono. Ndinathamangira mkati, ndinasuzumira pa kagalasi kakang'ono kolozera, n'kuisuntha mpaka kamtamboko kanakhala pakati. Nditatuluka, nyenyezi zinali zitatsikanso.

"Dinani, bambo."

Mphindi imodzi ndi yaitali. Mphepo inabwera, inamenya malata kawiri, katatu. Amalume anagwira bondo langa ndi dzanja lawo loyera ndi fumbi, osadziwa kuti agwira.

"Chabwera," anatero amayi.

"Kulitsani," anatero bambo. "Kulitsaninso. Zimitsani getsilo."

Tinadikira.

"Amayi, akutani?"

"Aika nkhope pagalasi penipeni, mphuno mpaka kugunda. Akupendeketsa mutu ngati nkhuku yoona kabawi. Akuti pakati pa diso sipakuona, akuonera m'mbali."

Tinadikirabe. Mitengo ija inali itatsala pang'ono kukhudza nyenyezi yoyamba.

"Zozungulira," anatero bambo. "Michira palibe. Alamu, mukumva? Zozungulira ngati mikanda."

"Nanga kamtambo kanu?" anafunsa amalume.

Ndinkamva kupuma kwa bambo pafoni.

"Mukudziwa bolodi ukalifufuta ndi dzanja, fumbi la choko limene limatsalira lija? Kali choncho. Kali pomwepa." Anakhosomola. "Koma ndinkanamiza ana a eni. Zaka zonsezi ndinkakajambula ngati dzira. Kali ndi mapiko."

Anajambula china, n'kujambulanso china. Chachinayi chinabwera theka lili bii, nthambi za mitengo zitalowerera. Amayi anati bambo sanachotse nkhope pagalasi, anangowauza kuti abwezere chachiwiri chija, ndipo asachitseke.

"Bwerani kunyumba," anatiuza bambo. "Ndikutseka."

Telesikopu inaweramira pansi, denga linabwerera pang'onopang'ono mpaka linagunda malo ake. Ndinazungulira kanyumbako ndi tochi kuona ngati latsekeka bwino, n'kukhoma loko. Amalume anatenga nthawi kudzuka pamwala paja. Anayamba bondo limodzi, kenako linalo, akugwira phewa langa.

M'galimoto anakhala akuyang'ana zikhatho zawo pa kuwala kochepa kwa padashibodi.

"Mawa aliyense asandidzutse," anatero. "Ngakhale nyumba ipse."

"Chabwino, amalume."

Tinatsika phiri, galimoto ikudumpha m'maenje omwe aja. Titafika pamsewu wa tala analankhulanso, maso ali chitsekere.

"Ukamadzabweranso unditenge. M'mphepete mwa mpatawo mwatsala mokumbikakumbika ngati mwadya makoswe. Ndikasalaze, ndipakenso penti."

"Osatseka."

"Ndamva, Mawaya. Zala ziwiri."

Tisanafike pamlatho woyamba anali atagona, chikwama cha zipangizo chili pamiyendo. Ndinatsitsa galasi la zenera kuti mphepo izindimenya kumaso, pakuti kunali kudakali ola ndi theka kuti tifike.